Mtengo, makwerero ndi milomo ya mbuna: zojambula m'mbiri ya sayansi ya kusinthika kwa zamoyo

Asodzi akamakocheza mabwato m'mawa pagombe la ku Chuanga, kufupi ndi Msumba, ana amathamangira kukaona zimene zakodwa. Mwana wa zaka khumi salakwitsa: uyu ndi utaka, uyu ndi ncheni, uyu ndi usipa, kamene kali apaka ndi kambuna ka m'miyala. Sanawerenge zimenezi m'buku lililonse. Koma mwana yemweyo akadzakumana ndi mutu umene pa Chipwitikizi amati evolução, kawirikawiri chimene chimayamba kumufika m'maso ndi chithunzi chija tonse tinachionapo: nyani woyenda chowerama kumanzere, ena akuweramuka pang'onopang'ono, mpaka munthu woima chilili kumanja. Mphunzitsi asanatsegule pakamwa, kaya m'Chinyanja kaya m'Chipwitikizi, chithunzicho chaphunzitsa kale, ndipo chaphunzitsa zolakwika.

Ife aphunzitsi a zinenero ziwiri timadalira kwambiri zojambula. Mawu akatithera m'chinenero chimodzi timatola choko n'kupita pabolodi, poganiza kuti chojambula chilibe chinenero ndipo sichinama. Mbiri ya sayansi ya kusinthika kwa zamoyo ikutiuza zina. M'mbiri imeneyi zojambula sizinali zokongoletsa masamba. Asayansi ankaganiza ndi pensulo m'manja, ndipo mzere uliwonse umene ankalemba unali mfundo yoti ena angaitsutse. Mbali ina ya mbiriyi inachitikira ku London, koma mbali ina inachokera m'madzi a nyanja yathu ino.

Tsamba 36 la kope la Darwin

Charles Darwin anayenda pa sitima yotchedwa Beagle kuyambira 1831 mpaka 1836, ndipo mu 1835 anafika pa zilumba za Galápagos. Kumeneko anatola timbalame tamilomo yosiyanasiyana, ndipo iye ankayesa kuti n'ta m'magulu osiyana kotheratu. Atabwerera kwawo, katswiri wa mbalame John Gould anatiyang'anitsitsa mu Januwale 1837 n'kumuuza kuti timbalameto n'tapachibale, ta gulu limodzi, ngakhale milomo yake inali yosiyana chotero. Funso linabadwa pamenepo: zatheka bwanji kuti abale akhale ndi milomo yosiyana ngati zida za ntchito zosiyana?

M'chaka chomwecho cha 1837 Darwin anayamba kulemba maganizo ake m'kakope kamene akatswiri amakatcha kope B. Pa tsamba 36 anajambula timizere togawikana ngati mphanda za mtengo. Patsinde analembapo nambala 1, kutanthauza kholo. Kunsonga zina analembako zilembo A, B, C ndi D. Nsonga zina anazitseka ndi kamzere kopingasa posonyeza mitundu imene ikadali ndi moyo, zina anazisiya zopanda kanthu posonyeza mitundu imene inatha. Pamwamba pa tsambalo analemba mawu awiri a Chingerezi osonyeza kuti ili linali ganizo chabe, losatsimikizika.

Kachojambulako n'kosaoneka bwino, mwana wa kalasi yachitatu akhoza kujambula kokongola kuposa pamenepo. Koma kakunena zinthu zitatu zimene zikanafuna masamba ambiri. Choyamba, mitundu yambiri ikhoza kuchokera kwa kholo limodzi. Chachiwiri, B ndi C ali pafupi pomwe A ali kutali, kutanthauza kuti chibale chili ndi miyezo. Chachitatu, mipata imene timaiona pakati pa zamoyo za lero ilipo chifukwa a pakati anafa. M'kope lomwelo Darwin anakayikiranso ngati mtengo ndi fanizo loyenera. Anaganiza kuti mwina matanthwe amoyo a m'nyanja yamchere, aja amati coral, angafanizire bwino, popeza m'munsi mwake ndi mwakufa ndipo moyo uli kunsonga kokha.

Buku lalikulu, chojambula chimodzi

Pa 24 Novembala 1859 buku lake On the Origin of Species linatuluka. M'buku lonselo muli chojambula chimodzi chokha, pa pepala lopinda, m'mutu wachinayi. Darwin anauza wosindikiza wake, John Murray, kuti ngakhale chikuoneka chachilendo, bukulo silingatuluke popanda icho.

M'munsi mwa chojambulacho muli mitundu 11 yolembedwa ndi zilembo kuyambira A mpaka L. Mizere yopingasa ikukwera ngati zaka, ndipo mpata uliwonse ukuimira mibadwo chikwi kapena kuposa. Mitundu iwiri yokha, A ndi I, ndiyo ikubala nthambi zambiri, ndipo pofika pamwamba yabala mitundu yatsopano 14. Mtundu F ukukwera wosasintha mpaka pamwamba. Ina yonse ikuthera panjira. Palibe dzina la nyama iliyonse pa chojambulacho, palibe munthu, palibe nthambi yapakati yoposa zinzake. Zonse zimene zafika pamzere wapamwamba n'zamoyo za lero, ndipo zonse zayenda ulendo wautali mofanana.

Ife a kunyanja tikhoza kuchimva chojambulachi msanga, chifukwa timadziwa kuwerenga mbumba. Gogo mmodzi, ana ake aakazi, zidzukulu, mabanja ena ochuluka, ena otha. Palibe amene anganene kuti msuweni wake ndi kholo lake. Onse awiri ali ndi gogo mmodzi, basi.

Mmene mtengo unasandukira makwerero

Vuto linabwera pamene anthu anayamba kuikapo nkhope ndi mayina. Mu 1863 Thomas Henry Huxley anatulutsa buku lonena za malo a munthu m'chilengedwe. Kutsogolo kwake kunali chithunzi cha mafupa a anyani akuluakulu opanda mchira anayi ndi a munthu, ataimikidwa pamzere umodzi, munthu ali patsogolo. Cholinga chinali kusonyeza kufanana kwa mafupa a zamoyo zisanu za lero. Koma diso likaona mzere limawerenga ulendo, ndipo ambiri anaona ngati woyambayo ndi amene anasanduka wotsirizayo.

Ku Germany, Ernst Haeckel, amene anali ndi luso lalikulu lojambula, anatulutsa mitengo ya zamoyo mu 1866. Mu 1874 anajambula mtengo wathunthu lonenepa, wamakungwa ndi nthambi zenizeni, n'kuika munthu pansonga penipeni. Zamoyo zina zonse zinaoneka ngati nthambi za m'mbali zimene zinalephera kufika. Haeckel sanalekere pomwepo. M'zojambula zina anasanja mitundu ya anthu kuyambira pamwamba mpaka pansi, azungu pamwamba, anthu akuda pansi kufupi ndi anyani. Panalibe umboni wa sayansi pa kusanjako, munali tsankho la nthawi imeneyo, nthawi yomwe mayiko a ku Ulaya ankakonzekera kugawana Africa. Koma chifukwa zinajambulidwa mwaluso ndi kusindikizidwa m'mabuku a sayansi, zinaoneka ngati zoona.

Chithunzi cha nyani woweramuka chija n'chaposachedwa. Anachijambula Rudolph Zallinger m'buku lotchedwa Early Man la mu 1965. Mawu a m'bukulo ankachenjeza kuti si onse ojambulidwawo anali makolo a munthu, koma anthu anaiwala mawuwo n'kusunga chithunzi. Mwana akakufunsani kuti, ngati munthu anachokera kwa nyani, bwanji anyani a m'phiri sakusanduka anthu, dziwani kuti akufunsa za makwerero a Zallinger. Mtengo wa Darwin sunanenepo zimenezo.

Nsomba za kwathu zipita ku London

Mu Sepitembala 1859, miyezi iwiri buku la Darwin lisanatuluke, David Livingstone anafika kumwera kwa nyanja yathu. Mu 1861 anabweranso ndi bwato, ali ndi dokotala John Kirk, ndipo anayenda m'mbali mwa gombe la kumadzulo. Kirk anasonkhanitsa nsomba n'kutumiza zikopa zake zouma ku British Museum. Albert Günther anazifotokoza mu 1864, ndipo pakati pake panali mtundu wina wa chambo umene mpaka lero umadziwika ndi dzina limene iye anaupatsa, squamipinnis. Günther yemweyo ndi amene anathandiza Darwin pa nkhani za nsomba pokonza buku lake la mu 1871.

Pambuyo pake nsomba zinapitiriza kutumizidwa, tsopano zoviikidwa m'mabotolo a mankhwala. Mmodzi mwa otolera anali Joseph Williams wa mishoni ya UMCA, mishoni yomweyo imene inakhazikika pa Likoma ndi pa Msumba. Günther anatcha mbuna ina dzina lake, ndipo lero imatchedwa Pseudotropheus williamsi. Williams anamira m'nyanja ndi Bishopu Chauncy Maples pa 2 Sepitembala 1895, bwato lawo litagubuduzika ndi namondwe. Woyendetsa sitima Edmund Rhoades anatolanso zina, zimene George Boulenger anazifotokoza mu 1908. Mu 1922 Charles Tate Regan analemba za nsomba za banja la cichlid za m'nyanjayi, banja la chambo, utaka, ncheni ndi mbuna. Kenaka mu 1935 Ethelwynn Trewavas anasanthula nsomba zambirimbiri zimene Cuthbert Christy anatola mu 1925 ndi 1926, n'kupeza mitundu yatsopano yochuluka.

Ambiri mwa akatswiriwa ankagwira ntchito ndi nsomba zakufa, ali kutali ndi nyanja. Zida zawo zinali galasi lokulitsira zinthu, choyezera ndi pensulo. Ankawerenga mamba ndi minga ya zipsepse, n'kujambula mano ndi kafupa kamano kamene nsombazi zili nako kukhosi. Kujambula kunkawakakamiza kuona zimene kungoyang'ana sikukanawaonetsa, pakuti sungajambule dzino usanadziwe ngati lili ndi nsonga imodzi, ziwiri kapena zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe m'botolo nsomba imataya maonekedwe ake. Buluu ndi chikasu zimafufuma, zonse n'kukhala zotuwa. Choncho zojambula zoyambazo zinali zopanda utoto, ndipo nsomba zosiyana maonekedwe koma zofanana mafupa zinkaikidwa pansi pa dzina limodzi. Chimene sichinajambulidwe sichinkawerengedwa, ngakhale asodzi ankachiona tsiku lililonse.

Mitu ya nsomba pa tsamba limodzi

Zinthu zinasintha akatswiri atabwera kudzakhala m'mbali mwa nyanja. Trewavas anafika mu 1939. Rosemary Lowe anafufuza za chambo kuyambira 1945 mpaka 1947. M'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer anali ku Nkhata Bay, kuyang'ana nsomba za m'miyala zili zamoyo, kutsegula mimba zawo ndi kujambula pakamwa pawo. Dzina loti mbuna analimva kwa asodzi a Chitonga, ndipo lero asayansi a dziko lonse amalitchula momwemo. Mayina ena a asodzi analowanso m'mabuku: utaka, lidole, saka, mloto. Nsomba ina ya milomo yotupa inapatsidwa dzina la sayansi loti Placidochromis milomo.

Zimene Fryer anapeza, n'kuzisindikiza mu 1959, zinali zodabwitsa. Pa mwala umodzi pamadya mitundu yambiri, uliwonse ndi chida chake. Labeotropheus ili ndi pakamwa poyang'ana pansi ndi mphuno yanyama, ndipo imapala ndere pamwala. Petrotilapia ili ndi mano ambirimbiri ansonga zitatu opesera nderezo. Labidochromis ili ndi mano osongoka otolera tizilombo m'ming'alu. Genyochromis imasenda mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake. Kumchenga kuli zina zamano onga mphero zophwanya nkhono, kuphatikizapo nkhono zimene zimafalitsa likodzo. Kuli kalingono, amene amagona chammbali pansi ngati wafa, n'kumeza tinsomba tobwera kudzaona.

Mu 1972 Fryer ndi T. D. Iles anatulutsa buku la nsomba za cichlid za m'nyanja zikuluzikulu za mu Africa. Chojambula chake chimodzi chinafalikira m'mabuku ophunzitsira a mayiko ambiri: mitu ya nsomba za m'nyanja yathu itasanjidwa pa tsamba limodzi, uliwonse ndi kadyedwe kake, yonse yochokera kwa kholo limodzi losakhala ndi luso lapadera. Ndi funso lija la timbalame ta ku Galápagos, koma pamlingo waukulu zedi. Timbalameto sitikwana mitundu 20. M'nyanja yathu muli mitundu ya cichlid yoposa 500, akatswiri ena amati 800 kapena kuposa, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko.

Akatswiri atayamba kumira ndi zida zopumira ndi makamera, utoto unabwerera. Gulu lotsogoleredwa ndi Anthony Ribbink linasindikiza mu 1983 kafukufuku wa mbuna amene anaonetsa mitundu pafupifupi 200, yambiri yopezeka pa gombe limodzi kapena chilumba chimodzi chokha. Gombe lathu lilinso ndi zake. Pa miyala ya Minos, kufupi ndi Meluluca, pali mbuna yotchedwa Metriaclima estherae, yaikazi yofiirira ngati lalanje, yaimuna yabuluu. Oweta nsomba m'magalasi ku Ulaya ndi ku America amatchula nsomba zawo zina ndi dzina la Cobué, ngakhale ambiri sadziwa kumene kuli.

Chojambula chimakonzedwa ndi chojambula china

Chithunzi cha mitu ya nsomba chikhozanso kusocheretsa. Nsomba ina yathupi lopyapyala, Dimidiochromis compressiceps, inatchuka m'mabuku kuti imadya maso a zinzake, koma amene anaionerera m'madzi anapeza kuti kwenikweni imasaka tinsomba m'maudzu. Vuto lalikulu linali lina: kodi nsomba zofanana nkhope n'zapachibale?

M'nyanja ya Tanganyika muli nsomba zofanana kwambiri ndi zathu, ya milomo yotupa, yachipumi chotupa, yaitali ngati ncheni, yopala ndere ngati mbuna. Wina akhoza kuganiza kuti iliyonse ndi mbale wa inzake ya kuno. Mu 1993 Thomas Kocher ndi anzake anayeza DNA ya nsomba zotere n'kuzijambula ziwiriziwiri, za ku Tanganyika mbali imodzi, za kuno mbali ina. Zotsatira zinaonetsa kuti za kuno zonse, ngakhale zimasiyana maonekedwe, n'zapachibale chapafupi zokhazokha kuposa ndi zofanana nazo za ku Tanganyika. Ntchito yofanana inabala chida chofanana m'nyanja ziwiri. Kufanana nkhope si umboni wa chibale.

Mu 2018 Milan Malinsky ndi anzake anawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanja yathu. Anapeza kuti mitundu iwiri imasiyana pang'ono kwambiri, pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti, ndiponso kuti nthambi zimene zinagawikana kale zinkakumananso n'kuberekana. Mtengo wamba sukanatha kusonyeza zimenezi, choncho anawonjezera mivi yolumikiza nthambi. Chojambula cha nsomba zathu tsopano chikuoneka pang'ono ngati ukonde. Patapita zaka 181 kuchokera pa tsamba 36 lija, akatswiri anali akukonzabe mizere.

Tibwere nazo m'kalasi

Mbiriyi ikutikhudza chifukwa mawu athu ali ndi misampha yawo. Liwu loti mtundu timaligwiritsa ntchito ponena fuko la anthu, maonekedwe a nsalu, ndi chimene buku la Chipwitikizi likutcha espécie. Tikamasulira evolução kuti kusanduka, mwana amamva za m'nthano, munthu kusanduka fisi usiku umodzi. Tikati kutukuka, tamanga kale makwerero. Kusinthika kwa zamoyo m'mibadwomibadwo ndi mawu aatali, koma akunena zoona: chimene chimasintha si nsomba imodzi ayi, ndi mbumba yonse, pang'onopang'ono, pa nthawi yaitali. Chojambula chabwino chimathandiza mawu amenewa kuima. Choipa chimawagwetsa m'zinenero zonse ziwiri.

Phunziro lotere silifuna ndalama. Pemphani ana abwere ndi nsomba zingapo za pagombe: utaka, ncheni, mbuna, chambo, usipa. Aliyense ajambule mutu wa nsomba imodzi, pakamwa potseka ndi potsegula, n'kulemba dzina limene amaitchula kwawo ndi zimene imadya. Amene sadziwa akafunse agogo kapena amalume awo amene amapita pamadzi. Kenaka ayang'ane mphuno: nsomba za banja la cichlid zili ndi bowo limodzi mbali iliyonse, pomwe usipa uli ndi awiri. Afunseni kuti ndi ziti zimene mayi ake amasunga mazira ndi ana m'kamwa. Akatero, m'magulu, ajambule mtengo wa chibale cha nsombazo, ndipo gulu lililonse lifotokoze m'Chinyanja chifukwa chimene laikira mphanda pamene layiika. Mayina a Chipwitikizi alembedwe pambuyo, pa chojambula chimene ana achimvetsa kale.

Mitengo yawo idzasiyana, ndipo ina idzakhala yolakwika. Musaifufute msanga. Auzeni zimene akatswiri anapeza, kuti utaka, ncheni ndi mbuna ndi apachibale chapafupi, chambo ndi msuweni wa patali pang'ono, usipa ndi wa banja lina, ndipo aone okha mzere umene uyenera kusuntha. Pa chojambula chilichonse, cha m'buku ngakhale cha pabolodi, azolowere kufunsa mafunso atatu: mzerewu ukuimira chiyani, amene ali pamwamba waikidwapo chifukwa chiyani, ndipo chasiyidwa n'chiyani?

Mu 2011 boma la Mozambique linakhazikitsa mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa. Ana amene ali m'makalasi athu ndi amene adzasankhe kukula kwa maso a maukonde ndi miyezi yopumitsa usodzi. Mwana amene anajambulapo pakamwa pa mbuna ya pa gombe la kwawo, n'kudziwa kuti mwina sipezeka pa gombe lina lililonse, adzamva msanga zimene nsonga zopanda kamzere za pa tsamba 36 zinkatanthauza.